Kompyuta ikakana kuona kachipangizo ka nyimbo, yambani mwakayikira kebo

Inu amene mumaikira anthu nyimbo pamsika, kaya mu Limbe, ku Mchesi kapena pa Jenda, vuto ili mukulidziwa. Kasitomala wabwera ndi ka MP3 player kake kapena kawailesi ka memore kadi, mwalumikiza ku kompyuta, koma kompyutayo yangoti zii. Kachipangizoko kakuyaka, kakuonetsa kuti kakutchaja, koma pamene pamaonekera mafulashi sipanatulukire kanthu. Ogulitsa tizipangizoti nanunso zimakupezani, wogula akabwerera m'mawa mwake kuti mwamugulitsa chakufa, mumubwezere ndalama yake.

Nthawi zambiri kachipangizoko kamakhala kalibe mlandu. Wolakwa amakhala kebo.

Kebo ya USB yabwinobwino imakhala ndi timawaya 4 mkati mwake, tiwiri ta magetsi, tiwiri todutsamo nyimbo ndi zithunzi. Koma makebo ambiri otchipa, makamaka obwera pamodzi ndi matochi, ma power bank ndi timasipika, amangokhala ndi tiwiri ta magetsi tokha. Kunja amafanana ngati mapasa, ndipo amatchaja bwinobwino, n'chifukwa chake munthu sawaganizira. Kebo yotere, ngakhale muilumikize kakhumi, kompyuta siidzadziwa kuti kwabwera mlendo. Pezani kebo imodzi imene mwaiyesa kuti imadutsitsa nyimbo, muimange katepi, ndipo isamachoke pabenchi panu ngakhale mnzanu aibwereke motani. Ogulitsa makebo, bwanji osamaika otchajira okha padera? Wogula ukamuuza zoona amabweranso.

Kebo ikakhala yabwino, sinthani polowetsa. Pakompyuta yapatebulo, mabowo a USB akumbuyo ndi odalirika kuposa akutsogolo, chifukwa akumbuyowo anawotcheredwa pa motherboard penipeni pomwe akutsogolo amadzera pa timawaya tomwe timakhwepa. Bowo la USB 2.0 limapereka mphamvu ya 5 volts ndi 500 milliamps basi, choncho mukaikapo ka hub n'kulumikizapo zinthu zinayi, zonsezo zimalimbirana mphamvu yomweyo. Chotsani hub. Ngati batire la kachipangizoko latheratu, kasiyeni katchaje kaye kwa theka la ola. Suzumiraninso m'kabowo kake, poti fumbi la pamsika ndi tinyenyeswa ta m'thumba timatsekamo. Kathimitseni, mutokose mosamala ndi kamtengo kotokosera mano. Singano ayi, imapinda timano ta mkati.

Tizipangizo tina timafuna kuuzidwa zochita. Pitani pa Settings, mufufuze pamene alemba USB mode. Mukapeza MSC ndi MTP, sankhani MSC, chifukwa ndiyo imachititsa kuti kaoneke ngati fulashi. Foni za Android zimayamba ndi kutchaja kokha mpaka mutazitsekula n'kusankha File transfer. iPod ya Apple ndiye ina, imafuna pulogalamu ya iTunes pa Windows kuti nyimbo zilowe mwa dongosolo lake. Ngati kachipangizo kangouma osayankha batani lililonse, yang'anani kabowo kolembedwa Reset. Kudina pamenepo kumangokadzutsa, sikufufuta nyimbo.

Pa mawailesi ndi timasipika tambiri, musavutike n'komwe. Kabowo kake ndi kotchajira chabe. Tulutsani memore kadiyo, muiike mu card reader, ntchito yatha.

Zonsezi zikakanika, kayeseni pakompyuta ya mnzanu wapafupi. Kakaoneka kumeneko, vuto lili pa yanu. Pa Windows tsekulani Disk Management. Nthawi zina kachipangizoko kamakhala kalipo, kungoti sikanapatsidwe chilembo ngati E kapena F, ndiye mungokapatsa. Mukapanda kukapeza, onani mu Device Manager. Pamene pali kachizindikiro kachikasu dinani Uninstall, muzule kebo, muthimitse kompyuta n'kuyatsanso, mulumikizenso.

Pamene ambiri amadziputira mlandu ndi apa. Kompyuta imatha kutulutsa uthenga woti muchite format kaye musanagwiritse ntchito, ndipo mnyamata wachangu amangodina. Format imasesa zonse. Mukadimo simukhala nyimbo zokha, mumakhala zithunzi za ukwati, kwaya ya kumpingo imene anajambula yekha, mawu a malemu agogo ake. Nyimbo za Lucius Banda mudzamuikiranso, koma zinazo mudzazitenga kuti? Uthengawo ukabwera dinani Cancel, muyese kadiyo mu card reader ina. Ikakanabe, muuzeni mwiniwake zimene zitayike, avomere yekha ndi pakamwa pake, makamaka pali mboni. Mukapeza mafoda onse asanduka ma shortcut, imeneyo ndi vairasi yomwe imangobisa mafayilo. Zinthuzo zikadalimo, zimabwezeka.

Mwini wake akavomera format, sankhani FAT32. Makadi ofika 32GB amabwera ndi FAT32, pomwe a 64GB kupita m'mwamba amabwera ndi exFAT, imene tizipangizo tambiri totchipa sitiiwerenga. Ndiye musamukakamize kasitomala kadi yaikulu pofuna phindu lochuluka musanaone pa katoni kukula kwa kadi imene kachipangizo kake kamalola. Chenjeraninso ndi makadi achinyengo olembedwa 32GB pomwe mkati ndi ochepa. Amalandira nyimbo ngati zalowa, koma kunyumba zambiri sizilira.

Kwa oodetsa ndi ogulitsa, katoni ikangofika tengani tingapo mukatiyese pa kompyuta, ndi kebo yomwe yabwera m'paketimo. Ikapezeka kuti ndi yotchajira yokha, muzimuuziratu wogula aliyense, kapena mugulitse pamodzi ndi kebo yabwino n'kuonjezera mtengo wake pamenepo.