Masewero satayika pa mpira womaliza

Anthu akamakamba za basketball amakonda kukumbukira amene waponya mpira womaliza. Ife aphunzitsi maso athu sakhala kumeneko. Pa zaka zimene ndakhala pa benchi ndikuphunzitsa matimu, ndaona kuti chipambano chimapulumuka m'manja pa tinthu ting'onoting'ono timene ochemerera satiombera n'komwe m'manja.

Masewero amene ndimakonda kuonetsa anyamata anga ndi a pa 18 June 2013 mumzinda wa Miami ku America, m'ndime yomaliza ya ligi ya NBA. Kumeneko chikho chimapita ku timu yoyamba kupambana masewero anayi mwa asanu ndi awiri. San Antonio Spurs inali itapambana kale atatu, Miami Heat awiri. Kutatsala masekondi 28 okha, Spurs inkatsogola 94-89. Ogwira ntchito m'bwalomo anali atayamba kukoka zingwe zachikasu zotchingira malo operekera chikho, ndipo ochemerera ena a Miami anali atatuluka kale, ati zatha basi.

Chimene dziko limakumbukira ndi Ray Allen akubwerera chafutambuyo kukaima pa ngodya, kunja kwa mzere wa mapointi atatu, n'kuponya mpira umene unafananitsa zigoli 95-95 kutatsala masekondi 5.2. Miami inapambana 103-100 m'nthawi yoonjezera, ndipo patatha masiku awiri inanyamula chikho.

Allen anaponya bwino, palibe wotsutsa. Koma tiyeni tiwerenge zimene zinamufikitsa pa ngodya paja. Manu Ginobili anapatsidwa ma free throw awiri, mipira ija munthu amaponya ali yekha popanda womutchinga, koma analowetsa umodzi. Kawhi Leonard, mnyamata wa zaka 21 nthawi imeneyo, nayenso anapatsidwa awiri n'kulowetsa umodzi. Kumbali inayo LeBron James anaphonya kawiri konse poponyera patali, ndipo kawiri konseko mpira utadunda pa mkombero unabwerera m'manja mwa a Miami. Koyamba unamupezanso LeBron yemweyo ndipo analowetsa. Kachiwiri anaudumphira Chris Bosh n'kupatsira Allen. Zinthu zinayi. Chimodzi chokha chikanayenda mwina, lero bwenzi tikukamba nkhani ina.

Pali nkhani inanso imene anthu sanaileke mpaka pano. Pa nthawi zonse ziwiri zimene mpira unadunda, Tim Duncan, chimphona cha Spurs chimene usiku umenewo chinagoletsa mapointi 30 ndi kutola mipira yodunda 17, anali pa benchi. Mphunzitsi wake, Gregg Popovich, ndiye anamutulutsa. Ambiri amati apa mkuluyu anadzigwetsa yekha.

Ine sindivomereza. Miami inkafuna mapointi atatu, choncho inadzaza bwalo ndi akatswiri oponyera patali. Zikatero umafuna anyamata opepuka miyendo, otha kusinthana anthu owatchinga mwachangu kunja kwa mzere. Duncan anali ndi zaka 37, ndipo malo ake anali pansi pa mkombero. Akanakhalamo, mwina akanatola mpira wa Bosh uja, inde, koma mwinanso munthu wake akanapeza mpata woponya momasuka, ndipo omwewo akanafunsa kuti bwanji anasiya nkhalamba m'bwalo. Popovich anatseka khomo limene linali loopsa kwambiri, mbala n'kulowera pa zenera. Kuweruza mphunzitsi mpira utagwa kale n'kosavuta. Iye amasankha mpirawo usanaponyedwe, m'kamphindi kochepa kopumira, phokoso lili m'makutu.

Ndipo tisaiwale kuti Spurs inalowa chigawo chachinayi ikutsogola ndi mapointi 10. Duncan yemweyo, amene anagoletsa 25 theka loyamba, sanagoletsenso ngakhale imodzi kuyambira chigawo chachinayi mpaka mapeto. Miyendo ikatopa, dzanja nalo limanama. N'chifukwa chake anyamata anga saponya ma free throw poyamba pa zokonzekera thupi likadali lozizira. Amaponya pomaliza, atathamanga mpaka malaya kunyowa, ndipo wina akaphonya timu yonse imathamanganso. Amadandaula, ena amanditcha wankhanza, koma m'masewero enieni palibe amene amapatsidwa free throw atapuma.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene Popovich anachita pambuyo pake. Nyengo yotsatira isanayambe, anakhazika osewera ake pansi n'kuwaonetsa kanema wa masewero owawa aja, cholakwika chilichonse pachokha, osadumpha. Sanabalalitse timu, sanathamangitse amene anaphonya. Mu June 2014 matimu awiriwa anakumananso m'ndime yomaliza. Spurs inkapatsirana mpira mwachangu moti a Miami ankangothamangitsa mphepo, ndipo inapambana masewero anayi, Miami amodzi okha. Mphoto ya wosewera bwino koposa m'ndimeyo inapita kwa Kawhi Leonard, mnyamata uja anaphonya free throw chaka chapitacho.