OLERA MPIRA ATSALA KUNJA KWA BWALO

Dzuwa likapendeka, m'makomboni a mu Lusaka ndi m'midzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke mumamveka phokoso limene tonsefe tilidziwa bwino. Ndi ana athu alikuthamangitsa cimpombwa, mpira uja wa mapepala a pulasitiki womangidwa ndi zingwe. Nsapato alibe, zigoli zao ndi miyala iwiri uku iwiri uko, ndipo masewerawo amatha pokhapokha amai ataitana kuti nsima yapsa. Pafumbi lotereli ndi pamene pamakulira akatswiri. Kalusha Bwalya, amene anamwetsa zigoli 3 pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0 pa masewera a Olympic a 1988, anakulira pakati pa ana a ku Mufulira. Ku Brazil, ku Senegal ndi ku Argentina nkhani ndi yomweyo: mpira umaleredwa ndi anthu wamba.

Koma mpirawo ukafika pa phwando lake lalikulu, Cikho ca Dziko Lonse, oulera aja amapezeka kunja kwa mpanda. Cowatsekera cipata ndico mtengo wa tikiti.

MITENGO YOCITITSA KAKASI

Cikho ca 2026 cinaperekedwa kwa maiko atatu, United States, Canada ndi Mexico, ndipo cinakonzedwa kukhala ca matimu 48 ndi masewera 104. Pamene maikowa anali kupempha mwai wocereza mpikisanowu mu 2018, zikalata zao zinaonetsa kuti matikiti ena adzagulidwa pa madola 21 okha. Zitafika mu September 2025, bungwe la FIFA linalengeza kuti tikiti yochipa kopambana idzayambira pa madola 60, ndipo ya mpira womaliza idzafika pa madola 6,730. Mu December caka comweco panatuluka mitengo ya matikiti ogawidwa kwa ocemerera kudzera m'mabungwe a mpira a maiko ao. Mpando wochipa pa mpira womaliza unali madola 4,185, ndipo wodula unali madola 8,680.

Kuti timvetse kukwera kwake, tiyang'ane m'mbuyo. Mu 1994, pamene United States inacereza Cikhoci koyamba, matikiti anali pakati pa madola 25 ndi 475. Ku Qatar mu 2022, mpando wodula kopambana pa mpira womaliza unali pafupi madola 1,600.

Tsopano tibwere nazo kwathu. Mu 2024 boma linaika malipiro ocepetsetsa a wanchito wa panyumba pa K1,300 pamwezi. Pa mphamvu imene kwaca inali nayo kumapeto kwa 2025, ndalama imeneyi inali pafupifupi mtengo wa tikiti imodzi ya madola 60. Kuti mai wogwira nchito yotere agule mpando wochipa wa mpira womaliza, anafunika kusunga malipiro ake onse kwa zaka zoposa 5, osagula unga, osalipira lendi, osapereka ya sukulu. Apo sitinawerenge ndalama ya ndege ndi ya malo ogona. Komanso mu August 2025 boma la United States linalamula kuti nzika za Zambia ndi Malawi zopempha viza yokaceza zingauzidwe kusiya cikole ca madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chipolopolo sinapeze malo mu mpikisanowu, koma ngakhale ikanapeza, ndi angati mwa ife akanaiperekeza?

CIMENE CIKWEZA MITENGO

Coyamba ndi njira yatsopano yogulitsira matikiti, imene mtengo wake sukhala pamodzi. Anthu ofuna kuonerera mpira wina akaculuka, mtengo wa mpirawo ukwera. Mcitidwewu si wacilendo kwa ife. Tonse tinauona pa mtengo wa matimati m'nyengo ya dzinja, ndi pa mtengo wa basi yopita kumudzi masiku a Khrisimasi akayandikira. Kusiyana kwake n'kwakuti matimati akadula pa thebulo ili tingapite pa lina, pamene Cikho ca Dziko Lonse n'cimodzi, wogulitsa wake ndi mmodzi, ndipo cimadza kamodzi pa zaka 4.

Caciwiri ndi kugulitsanso. FIFA inatsegula msika wake pa intaneti, pamene munthu amene wagula tikiti ya masewera a ku United States angaigulitsenso pa mtengo umene afuna. Pa malonda otere bungweli linaika kuti lizitapa 15 peresenti kwa wogulitsa ndi 15 peresenti inanso kwa wogula. Motero anthu ena amagula matikiti opanda cikondi ciriconse ca mpira, monga acitira amalonda ogula cimanga pa nthawi yokolola kuti adzacigulitse mu January njala italowa.

Cacitatu ndi mipando yapadera, yokhala ndi zakudya ndi zakumwa, imene makampani akuluakulu amagulira alendo ao. Mipando yotere ikaculuka, malo a munthu wamba amacepa.

YANKHO LA FIFA

Pamlandu timamva mbali zonse. FIFA imanena kuti ofuna matikiti ndi ambirimbiri: mu January 2026 inalengeza kuti inalandira mapempho oposa 500 miliyoni. Imanenanso kuti ndalama zimene imapeza zimabwerera ku mabungwe a mpira 211 amene ali mamembala ake, ndipo m'zaka za 2023 mpaka 2026 bungwe lirilonse, pamodzi ndi FAZ yathu, linalonjezedwa ndalama zofika madola 8 miliyoni zotukulira masewera. Zimenezi n'zoona, ndipo sitizinyoza.

Komabe pali cina coyenera kucikumbukira. M'zaka za 2019 mpaka 2022 FIFA inapeza madola pafupi 7.5 biliyoni, ndipo gawo lalikulu la cuma cimeneci linacokera ku makampani a wailesi ya kanema ndi kwa otsatsa malonda. Makampaniwo amalipira ndalama zocuruka cifukwa adziwa kuti anthu mamiliyoni adzakhala alikuonerera. Anthuwo ndife: banja lodzazana pa kanema mmodzi wa mnansi, anyamata olipira makobiri pakhomo la cipinda coonetsera mpira, agogo ogwira wailesi kukhutu monga anali kucitira masiku a malemu Dennis Liwewe. Osauka analipira kale gawo lao. Ali ngati mai amene wapita kucigayo, watola nkhuni, waphika nsima, koma pa nthawi ya kudya auzidwa kuti mphasa yadzaza.

MU 2010 CIPATA CINATSEGUKA

Ena amati mitengo yotere siingapewedwe. Zimene zinacitika kwa anansi athu a ku South Africa zionetsa kuti ingapewedwe. Pa Cikho ca 2010 panali matikiti apadera a anthu okhala m'dzikolo, oyambira pa marandi 140, ndiye kuti pafupi madola 20. Matikiti ena 120,000 anagawidwa kwaulere, ndipo pakati pa olandira panali anchito amene anamanga mabwalowo ndi manja ao. Poyamba matikiti anali kugulidwa makamaka pa intaneti ndi kudzera ku banki, njira imene inasiya kunja Aafrika ambiri. Anthu atadandaula, mu April 2010 anatsegula malo ogulirapo ndi ndalama ya m'manja, ndipo mizere inafika kutali. Ku Qatar nako okhala m'dzikolo anali ndi matikiti a mariyali 40, pafupi madola 11. Mtengo wa tikiti umaikidwa ndi anthu okhala pa msonkhano, ndipo anthu omwewo angathe kuutsitsa.

CALA CIMODZI SICISWA NSABWE

Amautsitsa akamva mau a anthu ambiri pamodzi. Mu February 2016 ocemerera Liverpool pafupi 10,000 anatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77, kukana tikiti ya mapaundi 77. Pasanathe mlungu eni timuyo anapepesa nacotsa mtengowo. Mu December 2025, bungwe la ocemerera a ku Ulaya, Football Supporters Europe, litadzudzula mitengo ya 2026 mwamphamvu, FIFA inalengeza kuti pa masewera onse, ngakhale womaliza, padzakhala matikiti ena a madola 60 a ocemerera matimu osewerawo. Anali ocepa kwambiri, mazana owerengeka pa timu iriyonse m'mabwalo a anthu zikwi makumi ambiri. Komabe anaonetsa kuti cipata cikagogodwa ndi ambiri cimagwedezeka.

Ifenso mau tiri nao. Pa msonkhano waukulu wa FIFA dziko lirilonse liri ndi voti imodzi, ndipo voti ya Zambia ilingana ndi ya Brazil kapena England. Afrika yekha ali ndi mavoti 54. Tiri ndi ufulu wofunsa atsogoleri a mpira wathu ngati pa misonkhanoyo amakumbukira munthu wa ku Chawama ndi wa ku Lundazi. Tiwapemphenso kuti pa masewera a kuno, pa Heroes ku Lusaka ndi pa Levy Mwanawasa ku Ndola, pakhale nthawi zonse mipando imene bambo angalipire napita ndi ana ake.

Usiku wa pa 12 February 2012, pamene Stoppila Sunzu anamwetsa penati yomaliza ku Libreville, mzinda umene anyamata athu anafera m'nyanja yake mu 1993, ocepa okha mwa ife anali m'bwalomo. Ena tonse tinavina m'misewu ya fumbi mpaka tambala kulira. Ana amene alikusewera cimpombwa lero ndiwo adzatibweretsera usiku wina wotere. Tsikulo likadzafika, amai amene anali kuwaitana kuti nsima yapsa adzakhale ndi mpando m'bwalomo.