Mphatso Zimene Zithandiza Zipatala za Mishoni

Anthu a ku Chongoni ndi a m'midzi yozungulira Linthipe akadwala, ena apita ku cipatala ca Boma ca pa Dedza kumene salipira kanthu, koma ena apita ku Nkhoma, ku cipatala ca Mishoni, kumene ayenera kupereka ndarama. Cifukwa ca ici pali funso limene limveka kawirikawiri m'midzi: ngati anthu a ku maiko ena atumiza mphatso ku zipatala za Mishoni, nanga odwala alipiriranji?

Cipatala ca Nkhoma cinayamba m'caka ca 1915. Anaciyambitsa ndi amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku South Africa, ndipo tsopano ciri m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma ya C.C.A.P. Zipatala za mipingo zinapanga bungwe lao m'caka ca 1966, limene lero lidziwika ndi dzina lakuti CHAM. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nchito yonse ya cipatala m'Malawi ligwiridwa ndi zipatala zimenezi, makamaka kumidzi.

Ndarama zoyendetsera cipatala cotere zicokera ku mbali zitatu. Boma lipereka malipiro a anamwino ndi anchito ena ambiri. Odwala apereka zao. Yacitatu ndiyo mphatso, ndipo mbali imeneyi ndi imene anthu saimvetsa bwino.

Wopereka mphatso kawirikawiri anena yekha cimene ndarama zace zikacite. Bungwe la CBM, la ku Germany, linathandiza kwa zaka zambiri nchito ya maso pa Nkhoma, kotero kuti nkhalamba zambiri zimene zinali ndi ng'ala zinabwerera kwao zikuona njira zokha. Koma ndarama ya maso ndi ya maso basi. Mkulu wa cipatala sangaitenge kukagulira mankhwala a malungo, ngakhale m'nyumba ya mankhwala mutakhala mopanda kanthu, pakuti ayenera kulemba lipoti la ndarama iriyonse, ndipo akaisokoneza mphatso ya caka camawa sibweranso.

Palinso cina. Anthu akonda kupereka cinthu cooneka ndi maso, monga nyumba yogonamo odwala kapena ambulansi, cimene angalembepo dzina lao. Wopereka dizilo wa ambulansiyo, sopo, kapena ndarama za magetsi sapezeka msanga. Zimenezi ndizo zigulidwa ndi ndarama zimene odwala apereka. Nzoona kuti kwa munthu amene sanagulitse mbatata yace mtengowo ndi wolemera, ndipo ena acedwa kunyumba kufikira matenda atakula. Pofuna kucepetsa bvutoli, kuyambira m'caka ca 2006 Boma linayamba kupangana ndi zipatala za CHAM kuti amai apakati, ndipo kwina ana ang'ono omwe, alandire cithandizo caulere, Boma nkumabwezera cipatalaco. Si zipatala zonse ziri m'pangano limeneli, nchifukwa cace ndi bwino kufunsa mlangizi wa zaumoyo tsiku locira lisanayandikire.

Mphatso zina zifika ngakhale kwa amene sanapondepo pa Mishoni. Mankhwala otalikitsa moyo, amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'caka ca 2004, agulidwa makamaka ndi ndarama za Global Fund. Masikito ambiri amene anthu alandira m'midzi adzera njira yomweyo.

Koma mphatso iribe lonjezo. M'caka ca 2025 Boma la America linaimitsa cithandizo cambiri cimene cinkadzera ku USAID, ndipo anchito ena a zaumoyo m'dziko muno anacotsedwa nchito mwadzidzidzi.

Midzi nayo ipereka, ngakhale zace sizilembedwa m'malipoti a kunja. Kumene amafumu asonkhanitsa anthu kuumba njerwa ndi kututa mcenga, wopereka wakunja angogula malata ndi simenti, ndipo ndarama zomwezo zikwanira kumanga cidikiro ca amai pamodzi ndi khichini la odwazika. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo amene afuna kudziwa kumene mphatso ina inapita angathe kufunsa ku komiti ya cipatala cao, m'mene mukhalanso anthu osankhidwa ndi midzi.