Mphunzitsi wa Chingerezi ku Chama ndi Njira ya Kosindikiza

Mwa antchito onse a m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa momwe Asenga alima mpunga ndi thonje m'dziko la mafumu Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, palibe amene ndimlemekeza koposa mphunzitsi wa Chingerezi. Pakuti mwana amene amfikira m'mawa adayamwa Chisenga, pasukulu apeza mabuku a Chinyanja, ndipo asanakhazikike pa ziwirizo ayenera kusenza chinenero chachitatu, chimene chidzamuweruza pa tsiku la mayeso.

Munthu wakugwira ntchito yotere zaka zambiri adziwa zinthu zimene mphunzitsi wa ku London sadazilotepo: adziwa chifukwa chake lilime la mwana wathu lisokoneza l ndi r, chifukwa chake mwana atchula mkazi ndi mawu oyenera mwamuna popeza zinenero zathu sizisiyanitsa pamenepo, ndiponso machitidwe ophunzitsira khamu la ana, limene lidachuluka ndithu chiyambire maphunziro aulere mu 2022, buku lili limodzi pakati pa ambiri. Koma nzeru zonsezi, zimene zidapezeka ndi thukuta, zimapita naye kumudzi akapuma pantchito, ndipo womlowa m'malo ayambanso pachiyambi.

Si kuti njira yosindikizira nzeruzi palibe. Makolo athu adali ndi bungwe losindikiza la Northern Rhodesia ndi Nyasaland la mu 1948. Ufulu utabwera kudadza Kenneth Kaunda Foundation mu 1966, imene lero itchedwa Zambia Educational Publishing House. Ndipo buku lililonse lofuna kulowa m'kalasi liyamba layesedwa ndi a Curriculum Development Centre ku Lusaka. Komatu Lusaka ali kutali, msewu wa ku Lundazi uvuta m'dzinja, ndipo osindikiza pofuna alembi aitana amene ali pafupi ndi khomo lawo. Chifukwa chake aphunzitsi ambiri angolemba timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho, natichulukitsa pamakina a fotokope, ndipo timathandizadi ana, ngakhale kuti sitifika patali ndipo dzina la mwini wake litayika msanga.

Njira ina ndiyo magazini a aphunzitsi, monga ELT Journal, imene adaiyambitsa A. S. Hornby mu 1946, munthu amene iye mwini adatola nzeru zake pophunzitsa ophunzira a ku Japan. Magazini otere salipira mlembi. Nkhani iwerengedwa ndi akatswiri osadziwika maina, ibwezedwa kuti ikonzedwe, kapena ikanidwa, ndipo miyezi ipita yankho lisanabwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma achenjere mphunzitsi ndi magazini a pa intaneti amene ayamba ndi kupempha ndalama nalonjeza kusindikiza sabata yomweyo, pakuti amenewo atsata thumba lake, zolemba zake alibe nazo kanthu.

Tsono ndikupemphani, inu akulu a masukulu ndi inu a Language Teachers Association of Zambia, kuti pamisonkhano ya aphunzitsi mupatule nthawi yowerengerana zolemba ndi kukonzerana. Ndipo inu aphunzitsi a ku Chama, lembani masamba awiri okha a zimene mudaona m'kalasi mwanu temu ino, muwatumize ku magazini a aphunzitsi.