Kagawidwe ka ndalama za nyumba zotsika mtengo ku United States

Ku United States, boma lalikulu la ku Washington limatumiza ndalama chaka ndi chaka kwa maboma a zigawo ndi makhonsolo a mizinda kuti athandize anthu opeza zochepa kupeza pokhala. Ndalamazi si ngongole. Zimadzera ku unduna woona za nyumba ndi chitukuko cha m'mizinda wotchedwa Department of Housing and Urban Development, mwachidule HUD, womwe unakhazikitsidwa mu 1965. Mathumba akuluakulu ndi awiri, Community Development Block Grant, lomwe limadziwika kuti CDBG, ndi HOME Investment Partnerships Program, lomwe anthu amangolitchula kuti HOME. Boma lalikulu ndilo limanena kuchuluka kwa ndalama ndi malamulo ake, koma kusankha nyumba zoti zimangidwe, malo ake ndi anthu okhalamo ndi udindo wa khonsolo iliyonse.

Tanthauzo la nyumba yotsika mtengo

Kumeneko nyumba imatchedwa yotsika mtengo ngati banja silikuwonongerapo ndalama zoposa 30 peresenti ya zomwe limapeza, kuphatikizapo lendi, magetsi ndi madzi. Pofuna kudziwa oyenera thandizo, HUD imawerengera chaka chilichonse ndalama zapakatikati zomwe mabanja a m'dera lililonse amapeza. Banja lomwe silipitirira 80 peresenti ya ndalama zimenezo limawerengedwa kuti ndi lopeza zochepa, ndipo lomwe silipitirira 50 peresenti ndi lopeza zochepa kwambiri. Mwachitsanzo, m'dera lomwe ndalama zapakatikati ndi madola 100,000 pachaka, malire oyamba angakhale pa madola pafupifupi 80,000. Chifukwa cha kawerengedwe aka, banja lomwe likuyenera thandizo ku San Francisco likhoza kuoneka lopeza bwino kumidzi ya ku Mississippi.

Mbiri

Chaka cha 1974 chisanafike, mizinda inkapempha ndalama ku Washington pa ntchito iliyonse payokhapayokha, monga kugwetsa nyumba zakale kapena kuika mapaipi a madzi, ndipo akuluakulu a boma ndiwo ankavomereza kapena kukana. Mu Ogasiti 1974 Pulezidenti Gerald Ford anasainira lamulo la Housing and Community Development Act lomwe linasonkhanitsa mapulogalamu angapo oterowo m'thumba limodzi la CDBG. Ganizo lake linali loti eni dera ndi omwe amadziwa bwino mavuto a kwawo.

Komabe thumba la CDBG si la nyumba zokha. Limalipiranso misewu, ngalande, mapaki ndi malo osamalira okalamba, ndipo kawirikawiri sililola kumanga nyumba zatsopano zokhalamo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe zinachititsa kuti mu 1990 nyumba ya malamulo ya Congress ikhazikitse HOME kudzera m'lamulo la Cranston-Gonzalez National Affordable Housing Act, lomwe Pulezidenti George H. W. Bush anasainira mu Novembala chaka chomwecho. Ndalama zoyamba za HOME zinaperekedwa mu 1992.

Momwe ndalama zimafikira ku makhonsolo

Makhonsolo sapikisana kuti alandire ndalamazi. HUD imagwiritsa ntchito masamu olembedwa kale m'lamulo. Pa CDBG, 70 peresenti imapita mwachindunji ku mizinda ya anthu osachepera 50,000 ndi ku madera otchedwa county a anthu osachepera 200,000. Gawo lotsala la 30 peresenti limapita ku maboma a zigawo, omwe amaligawira matauni ang'onoang'ono. Njira zowerengera zilipo ziwiri. Yoyamba imaona chiwerengero cha anthu, umphawi ndi kuthithikana m'nyumba. Yachiwiri, yomwe inawonjezedwa mu 1977, imaona umphawi, kuchedwa kukula kwa chiwerengero cha anthu ndi kuchuluka kwa nyumba zomangidwa 1940 isanafike. Mzinda umalandira motsatira njira yomwe ikuupatsa zambiri, ndipo njira yachiwiri imakomera mizinda yakale ya kumpoto monga Detroit, Cleveland ndi Buffalo. Vuto lake n'lakuti nyumba yakale si nthawi zonse imakhala ya munthu wosauka, choncho matauni ena olemera amapindula nayonso.

Pa HOME, 60 peresenti imapita ku makhonsolo ndipo 40 peresenti ku maboma a zigawo. Makhonsolo ang'onoang'ono oyandikana amaloledwa kugwirizana n'kupanga gulu limodzi kuti afike pa mlingo wolandira mwachindunji.

Malamulo omwe khonsolo imatsatira

Ufulu wa khonsolo uli ndi malire. Pa CDBG, ndalama zosachepera 70 peresenti ziyenera kupindulira anthu opeza zochepa, ndipo zoyendetsera ofesi ndi mapulani zisapitirire 20 peresenti. Malamulo a HOME ndi okhwima kuposa apa. Zoyendetsera ofesi zimalekezera pa 10 peresenti. Khonsolo iyenera kuikapo masenti 25 a kwawo pa dola iliyonse yochokera ku Washington, ngakhale kuti malo, zipangizo kapena ntchito yodzipereka zimawerengedwanso, ndipo madera ovutika kwambiri pachuma amachepetseredwa. Gawo losachepera 15 peresenti limasungidwira mabungwe a m'dera omwe si aboma ndipo safuna phindu.

Pa nyumba za lendi, mabanja 90 mwa 100 aliwonse othandizidwa ayenera kukhala opeza zosapitirira 60 peresenti ya ndalama zapakatikati. Mwini nyumba amasainira kuti sadzakweza lendi kupyola malire a HUD kwa zaka 5, 10 kapena 15 malinga ndi ndalama zomwe walandira, ndipo nyumba zatsopano za lendi zimamangidwa pa pangano la zaka 20. Nthawiyo ikatha, ngati palibe pangano lina, lendi ikhoza kukwera ngati ya nyumba ina iliyonse.

Kusankha m'khonsolo

Khonsolo isanalandire ndalama imalemba pulani yotchedwa Consolidated Plan, ya zaka zitatu mpaka zisanu, yofotokoza mavuto a nyumba m'deralo ndi zomwe ikufuna kuyamba nazo. Chaka chilichonse imalembanso pulani yaing'ono yonena ntchito zenizeni, ndipo chaka chikatha imapereka lipoti pasanathe masiku 90. Lamulo limafuna misonkhano ya anthu onse yosachepera iwiri pachaka, komanso masiku 30 oti anthu apereke maganizo awo pa pulaniyo.

Kawirikawiri ofesi ya za nyumba ya khonsolo imalengeza kuti ndalama zilipo, ndipo makampani omanga ndi mabungwe amatumiza mapempho. Ogwira ntchito kapena komiti ya nzika amawapatsa malikisi poona mtengo, luso la womanga, ngati malo alipo kale, ndi mtundu wa anthu omwe adzakhalemo. Pamapeto pake makhansala amavota.

Apa ndi pomwe pamavuta. Ndalama zomwezo zikhoza kukonza madenga a nyumba za okalamba ambiri, kuthandiza mabanja angapo kulipira ndalama zoyambira pogula nyumba, kulipirira anthu lendi kwa miyezi yosapitirira 24 pa pangano limodzi, kapena kuthandiza kumanga mdadada umodzi wa mafulati. Kukonza nyumba zakale kumafikira anthu ochuluka ndipo sikukwiyitsa aneba, koma sikuwonjezera nyumba ngakhale imodzi. Kumanga kumawonjezera nyumba, koma n'kodula ndipo kumatenga zaka. Kuthandiza ogula nyumba kumasangalatsa ovota, pamene osaukitsitsa, omwe banki singawapatse ngongole, sapindulapo.

Ndalama za HOME zokha sizikwanira kumanga mdadada wonse. Womanga amasonkhanitsa ngongole ya kubanki ndi ndalama zochokera ku ndondomeko yochepetsa msonkho ya Low-Income Housing Tax Credit, yomwe inayamba mu 1986, kenako khonsolo imatseka mpata wotsalawo. Choncho ndalama zochepa za khonsolo nthawi zambiri ndizo zimachititsa kuti ntchito yaikulu iyambe kapena ifere m'mapepala.

Mlandu wa Westchester

Funso loti nyumba zimangidwe kuti ndilo lakhala likubweretsa milandu. Khonsolo iliyonse yolandira ndalama imasainira kuti ilimbana ndi tsankho pa nkhani ya nyumba, motsatira lamulo la Fair Housing Act la 1968. Mu 2006 bungwe la Anti-Discrimination Center linasumira Westchester County, dera lolemera la kumpoto kwa mzinda wa New York, ponena kuti linalandira madola oposa 50 miliyoni likusainira lonjezoli koma osafufuza n'komwe momwe tsankho la mtundu likulepheretsera anthu kupeza nyumba. Nyumba zambiri zotsika mtengo zinkamangidwa m'matauni momwe munali kale anthu akuda ndi ochokera ku Latin America ambiri.

Mu 2009 woweruza Denise Cote anapeza kuti zomwe Westchester inkasainira sizinali zoona. Chaka chomwecho mbali ziwirizi zinagwirizana kuti Westchester igwiritse ntchito madola 51.6 miliyoni popezetsa nyumba 750 m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo zosachepera 630 zikhale m'matauni momwe anthu akuda sankafika 3 peresenti. Nkhaniyi siinathere pomwepo. Rob Astorino, yemwe anayamba kutsogolera Westchester mu 2010, anakangana ndi HUD kwa zaka zingapo pa malamulo a matauni oletsa kumanga mafulati, ndipo derali linataya madola mamiliyoni angapo a thandizo.

Kuchedwa kwa ntchito ndi kuchepa kwa thumba

Mu 2011 nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti ntchito pafupifupi 700 za HOME, zomwe zinapatsidwa madola 400 miliyoni, zinali zitaima kwa zaka. HUD inatsutsa ziwerengerozi, koma mu 2013 inakhwimitsa malamulo. Tsopano ntchito iyenera kutha pasanathe zaka zinayi, ndipo nyumba ya lendi ikakhala yopanda munthu kwa miyezi 18 itamalizidwa, khonsolo imabweza ndalama zake.

Thumba la HOME linatsika kuchoka pa madola oposa 1.8 biliyoni mu 2010 kufika pa 1 biliyoni mu 2012 ndi 900 miliyoni mu 2015. Linakweranso kufika pa 1.5 biliyoni mu 2022, kenako 1.25 biliyoni mu 2024. Mu 2021 Congress inawonjezera madola 5 biliyoni a kamodzi kokha othandizira anthu osowa pokhala pa nthawi ya mliri wa COVID-19. CDBG inali pa madola pafupifupi 3.3 biliyoni mu 2024, ndalama zomwe mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya m'ma 1970, pamene mizinda yogawana thumbali yachuluka. Mu ulamuliro wake woyamba, Pulezidenti Donald Trump anapempha kangapo kuti mathumba onse awiri athetsedwe, ponena kuti nyumba ndi udindo wa zigawo ndi makhonsolo, koma Congress inapitiriza kuwapatsa ndalama.