Za Mkaka Wachinyengo ndi Mayesedwe Ake

Mwezi uno tifuna kukamba za mkaka, pakuti ena mwa ife aweta ng'ombe ndi kugulitsa, ndipo ena agulira ana awo.

Chinyengo chakale tichidziwa tonse, ndicho kuthiramo madzi. Kumalo osonkhanitsira mkaka achigwira ndi kagalasi koyandama kotchedwa lakitomita, kamene kamira kwambiri mu mkaka wopepuka. Ngakhale mayi pakhomo atha kuyesa. Adontheze dontho limodzi pa mbale yosalala, naipendeketse. Mkaka weniweni utsika pang'onopang'ono nusiya mzere woyera, koma wamadzi ungothamanga osasiya kanthu.

Komatu chilipo china choipa koposa. Ku India kwapezeka anthu amene, atathira madzi, asungunulamo Urea, feteleza yemweyo wobereketsa chimanga, kuti mkaka ulemerenso ndi kupusitsa woyesa. Tisati za kutali sizitikhudza, pakuti nyengo ya dzinja thumba la Urea likhala m'nyumba zathu zomwe, ndipo munthu wosowa ndalama sachedwa kuyesedwa. Ku China m'chaka cha 2008 anathira mankhwala ena otchedwa melamini mu mkaka wa makanda: ana 6 anamwalira, ndipo pafupifupi 300,000 anadwala.

Mwayi wathu ndi wakuti choyesera Urea tilima tokha. Sinjani soya wouma wosakazinga, kapena nandolo, akhale ufa. Thirani supuni yaing'ono ya mkaka m'kabotolo koyera, onjezani theka la supuni ya ufawo, khutchumulani, ndipo dikirani mphindi 5. Pamenepo viikanimo kapepala kofiira ka litimasi kwa theka la mphindi. Kakasanduka kobiriwira ngati thambo, mkakawo uli ndi Urea. Timapepalati aphunzitsi a sayansi ku sekondale atidziwa bwino. Kuwafunsa sikuchititsa manyazi.

Chifukwa chake nachi. Mu soya wamuwisi Mulungu anaikamo mphamvu yoswa Urea ndi kumsandutsa mpweya wa amoniya, uja wotsamwitsa m'khola la mbuzi losasesa, ndipo mpweyawo ndiwo usintha kapepala. Mukakazinga soya, moto upha mphamvuyo, ndipo mudzayesa chabe.

Tichenjezepo ndithu. Mkaka uliwonse uli ndi Urea pang'ono wochokera m'thupi la ng'ombe. Tsono musanatchule dzina la munthu, yesaninso mkaka wina umene mwaona ukukamidwa ndi maso anu, mufanizire timapepala tiwirito. Kunamizira mnansi ndi tchimo, monganso kumnyenga. Kusiyana kukaoneka poyera, nkhaniyo ipite kwa akuluakulu a gulu la alimi kapena kwa alangizi a ziweto, osati pamsika.

Inu amayi, pitirizani kuwiritsa mkaka, pakuti moto upha tizirombo ta matenda. Koma musadalire moto pa feteleza: mkaka wotere, ngakhale uwire, musampatse mwana.