Buku M'manja, Mwana Kumbuyo

Makoleji athu anamangidwa poganizira wophunzira wa mtundu umodzi: wongomaliza kumene Fomu 4, wopanda banja, amene katundu wake yense amakwana m'chikwama chimodzi. Mahositelo, nthawi za makalasi ndi malamulo a mayeso anakonzera iyeyu. Koma m'makalasi a ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Domasi mumakhalanso anthu amene kwawo amatchedwa amake uje kapena bambo ake uje. Ena ndi aphunzitsi apulayimale amene abwera kudzawonjezera maphunziro, ena ndi anamwino, ena pathupi panawapeza ali m'chaka chachiwiri.

M'chaka cha 1993 boma la Malawi linalola kuti mtsikana amene wabereka azibwerera kusukulu. Inali nzeru yabwino, ndipo ena mwa amene anabwererawo anafika mpaka kuyunivesite. Chimene sichinayankhidwe bwino mpaka lero ndi funso lakuti mayi akakhala m'kalasi, mwana atsala ndi yani.

Ngongole ya boma yothandiza ophunzira a m'makoleji, imene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2015, imawerengera pakamwa pamodzi. Siiganizira za ufa waphala, sopo wochapira matewera kapena malipiro a wolera mwana. Kuhositelo nako mwana sakhalako, choncho mayiyo amakachita lendi kachipinda kunja, monga ku Chikanda mumzinda wa Zomba. M'kachipindamo muli mbaula pakhomo, matewera pachingwe, mabuku pamwamba pa ndowa kuti wokwawayo asawang'ambe. Mwana akatentha thupi usiku, kuwerenga kwathera pomwepo. Kukacha mayi ali pamzere kuchipatala pamene anzake akulemba mayeso a pakati pa semesita. Zikachitika kawiri katatu, mapeto ake ndi sapu (mayeso obwereza), mwinanso kuwididwa kumene (kuchotsedwa pakoleji). Mutu wake umagwira bwinobwino; chamugwetsa ndi malungo a mwana.

Mabanja ambiri amathetsa vutoli potumiza mwana kumudzi kwa agogo, ndipo madigiri ambiri m'dziko muno ali ndi thukuta la agogo amene sanapondeko pakoleji. Komabe njirayi siithandiza aliyense. A zaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, ndiye khanda la miyezi iwiri silingapite ku Mchinji mayi ake ali ku Blantyre. Mayi wapantchito lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa tchuthi cha masabata 8 akabereka, koma wophunzira si wantchito, ndipo semesita siidikira kuti atuluke chikuta.

Pali njira ina imene ine imandiwawa mtima. Banja limatenga mng'ono wake wa mayiyo, kapena mwana wa achibale wa zaka 12 kapena 13, kuti akakhale naye n'kumalera khandalo. Mtsikanayu amayamba kujomba, kenako sukulu amaisiya. Digiri ya mkulu wake yalipiridwa ndi maphunziro a mtsikanayu, ndipo palibe amene amaziwerengera.

Thandizo lenileni silifuna ndalama zochuluka. Choyamba ndi malo osiyako ana. Midzi yathu inadziwa kale kuyendetsa sukulu za mkombaphala, kumene ana amasonkhana, kusewera ndi kudya phala makolo ali kumunda. Koleji imene ili ndi zipinda zambirimbiri singalephere kupatula chimodzi, chokhala ndi mphasa, madzi ndi olera ana awiri, makolo n'kumasonkha kangachepe. Kumene amaphunzitsa zaunamwino kapena za kakulidwe ka ana, chipindachi chingakhalenso malo ophunzirirapo ntchito. Mayi woyamwitsa atha kuthamangirako pakati pa makalasi m'malo mokwera kabaza kupita kunyumba ndi kubwerera.

Chachiwiri ndi lamulo lolembedwa. Masiku ano zambiri zimadalira mtima wa mphunzitsi: wina amamvetsa, wina amati "zimenezo ndi zanu". Koleji itanena poyera kuti buku lakuchipatala la mwana ndi umboni wokwanira woti kholo lilembe mayeso tsiku lina, ndiponso kuti wobereka atha kupuma semesita malo ake osatayika, palibe amene angamapite ku ofesi mogwada ngati wopalamula.

Ena amati maphunziro ochitira kunyumba, amene yunivesite ya Mzuzu ndi makoleji ena amapereka, ndiwo yankho. Amathandizadi, makamaka kwa amene ali pantchito. Koma mayi akakhala pakhomo aliyense amamuona ngati ali ndi mpata: kuphika ndi iye, kumaliro ndi iye, wodwala akagonekedwa kuchipatala wodikirira ndi iye. Apa mwamuna wake ndi apongozi ayenera kuvomereza kuti maola ena ndi a sukulu. Ndipo ngati bambo wa mwanayo naye ndi wophunzira pakoleji pomwepo, tsiku la sikelo azisinthana, dzina lake lilembedwenso pa chikalata chopempha kulemba mayeso tsiku lina.